Khomo Limene Lidachepera Thirakitala ya a Mhone

Mwezi wathawu tidapita ku Kanyenda kukamanga chiliza cha apongozi anga, a Mhone. Pobwerera, mkazi wanga Esinati adandiuza kuti popeza ndimakamba za bambo ake kuposa ana awo owabereka, ndingozilemba, mwina makutu ake angapumeko. Ndamvera, chifukwa ndine mkamwini.

A Mhone nawonso adali mkamwini ngati ine ndemwe. Adachoka kwawo ku Kanyenda ndevu zikungoyamba kumera, n'kudzakwatira Anabanda kuno kufupi ndi Benga, ndipo adakalambira pamudzi pa eni. Munda udali wa Anabanda, mango a Anabanda, ana a Anabanda, ngakhale galu ankamvera Anabanda. Chinthu chokhacho chomwe a Mhone ankaloza ndi chala n'kunena kuti changa chidali thirakitala yofiira, yomwe adaigula yotha kale pamene ankasiya ntchito yoyendetsa mathirakitala m'minda ya nzimbe ku Dwangwa. Kufiirako ndangonena mwaulemu. Penti idali itatsala pansi pa mpando pokha, kwina konse lidali dzimbiri.

M'mawa uliwonse ankayamba kudzutsa thirakitala asadadzutse mkazi wawo. Ankaizungulira, kuigogoda matayala ndi chibakera, kusuzumira pansi kuti aone ngati yadontha mafuta usiku, ndipo ikadontha ankailankhula motsitsa mawu ngati mwana amene wakodza pamphasa. Anabanda ankaitchula kuti mkazi mnzanga. Alendo osadziwa ankadabwa kumva mayi wachikulire wa mumvano akudandaula kuti mkazi mnzake wagona tsiku lonse osagwira ntchito koma wamwa dizilo.

Thirakitalayo sinkalira ndi kiyi. Batire lidafa ine ndisadakwatire, ndipo a Mhone ankati batire ndi la anthu opanda abale. Shedi adaimanga dala pamwamba pa kamtunda, mogundizana ndi khitchini ya Anabanda, kuti thirakitala ikangotuluka pakhomo izitsetsereka n'kulira yokha. Koma kuti ituluke pankafunika mapewa a anthu. Aliyense wofika pakhomopo ankakankha: wogulitsa usipa, akuluampingo odzayendera odwala, ngakhale munthu wina amene adabwera kudzanena uthenga wa maliro adayamba wakankha kaye, uthengawo n'kuunena ali wefuwefu. Anthu a pamudzi adatulukira kanjira kodutsa kuseri kwa nthochi, ndipo kanjirako kalipo mpaka lero.

Mdani wa thirakitala adali a Yotamu, mlongo wawo wa Anabanda, mwini mbumba. Iwo ankayenda pa njinga ndipo ankaona kuti chilichonse cholemera kuposa njinga n'kudzitama. Thirakitala ankaitchula kuti chigoba. Awiriwa ankakangana pa chilichonse, kuyambira kumene mvula ichokere mpaka kathyoledwe ka mango, koma mkangano uliwonse unkathera pa chigobacho. A Mhone ankati thirakitala yawo imadya pang'ono poyerekeza ndi alamu awo, ndipo ikadya imagwira ntchito. Akapsa mtima kwenikweni Chichewa chinkawathawa, n'kuyamba kulankhula chakwawo kumpoto, ndipo a Yotamu ankangogwedeza mutu n'kuuza anthu kuti wayilesi yasintha siteshoni.

Ifeyo akamwini tidalipo atatu pamudzipo kupatula a Mhone, ndipo iwo adali ngati tcheyamani wathu. Ankatiphunzitsa kuti nati imamangidwa ndi khutu osati ndi mphamvu, kuti munthu asamabwereke sipanala kwa mlamu wake, ndiponso kuti mkamwini azikhala ndi kanthu kamodzi kolemera koti eni mudzi sangakanyamule n'kukaponya kumsewu. Tinkaseka, koma tinkamva chimene ankatanthauza.

Nkhani ya khomo idayambira kumunda. Anabanda ali ndi minda iwiri ya chinangwa, wakumtunda ndi wakumunsi pafupi ndi dambo, ndipo kuti mufike wakumunsi muyenera kudutsa mu wakumtunda, chifukwa mbali zinazo kuli khwawa ndi munda wa eni. Mizere ya Anabanda ndi ikuluikulu, yotalikirana, monga amaungira mizere ya chinangwa kuno kunyanja. Chaka china a Mhone adalowetsa thirakitala kuti akatute chinangwa chakumunsi. Matayala adali opanikizana monga idachokera ku Dwangwa, ndiye m'malo moyenda m'ngalande za pakati pa mizere adakwera pamwamba pa mizere yeniyeniyo, n'kunyenya mbewu yongophuka kumene, popita ndi pobwera pomwe. Anabanda adalira, kenako adalamula kuti mkazi mnzawo asadzapondenso m'munda mwawo. Kuyambira pamenepo amayi ankasenza chinangwa pamutu kukwera mtunda, thirakitala ili gone m'shedi, ndipo a Yotamu sankalola kuti aliyense aiwale zimenezi.

Patapita zaka, a Yotamu adaona kuti nthawi yakwana. Adakalankhula ndi Che Amidu, amene amagula zitsulo zakutha pa Benga, kenako adaitanitsa mbumba yonse. Adati shedi ija ikhale mosungiramo mpunga, chigoba chipite kukasungunulidwa chipangidwe makasu, mwina chingalimeko koyamba. A Mhone sadaloledwe kulankhula zambiri, poti nkhani ya malo si ya mkamwini. Adangokhala pa chigodo chipewa chili m'manja, ndipo ndidawamvera chisoni kwambiri. Ndidaonanso kuti ngati munthu amene wakalambira pamudzi angamugulitsire chinthu chake chokhacho iye ali pomwepo, ndiye ife enafe ndife alendo ongodikira basi.

Onse adayang'ana kwa Anabanda. Iwo adati chinangwa chakumunsi chakhwima, ndipo kumtunda mbewu yangophuka, monga chaka chija. Akumba Lachinayi. Ngati thirakitala ingakatute Lachisanu, kupita ndi kubwera, osaponda mzere ngakhale umodzi, ikhala. Ikalephera, Che Amidu abwere ndi sikelo yawo. A Yotamu adavomera msanga chifukwa ankadziwa kuti sizingatheke.

A Mhone adadzuka, natenga nsungwi, napita kumunda. Adaigoneka chopingasa mizere iwiri, natema chizindikiro pakati pa ngalande ina ndi pakati pa ngalande inayo. Pobwera adatiuza akamwinife kuti nkhani yatha kale. Thirakitala idzatangadza, mizere iwiri idzadutsa pansi pa mimba yake, ndipo katundu adzamunyamulira m'bokosi lachitsulo lomangirira kumbuyo, osati m'ngolo yokoka, kuti matayala a ngoloyo asaponde mizere.

Ine ndinkaganiza kuti thirakitala imabadwa ndi miyendo yake n'kufa nayo. Apo ndi pamene ndidaphunzira kuti matayala akumbuyo amasunthika. Pakati pa tayala pali mbale yachitsulo yolowa ngati beseni. Beseni likayang'ana mbali ina matayala amayandikana, mukalitembenuza amatalikirana, ndipo mkombero wogwira mphira uli ndi timakutu ta mabawuti toti mungamangire mkati kapena kunja mukafuna kuwonjezera pang'ono. Koma padali lamulo limene a Mhone ankalinena ngati la m'Baibulo. Mano a tayala la thirakitala amakumana pakati, ndipo pamchenga amasiya chidindo ngati phazi la nkhuku. Mukatembenuza tayala n'kulibwezera mbali yomweyo, manowo amayang'ana kumbuyo, thirakitala imangoterereka m'matope, komanso aliyense woona mapazi ake amayesa ikuchoka pamene ikufika. Choncho lakumanja liyenera kupita kumanzere, lakumanzere kumanja. Ankati munthu wosasinthanitsa matayala ndi yemwe uja amavala nsapato mosemphanitsa n'kumadandaula kuti msewu wapindika.

Ntchitoyi adaisungira Lachisanu m'mawa kuti a Yotamu asanunkhize, ndipo adati tiigwirire m'shedi momwemo, chitseko chotseka. Zifukwa zidali ziwiri ndipo zonse zidali zanzeru. Panja pathu ndi mchenga, jeke yotukulira thirakitala imangomira, pamene m'shedi adayalamo njerwa. Chachiwiri, sankafuna kumasula nati alamu awo ali pamsana kupereka malangizo.

Tidayamba tambala atangotsika mumtengo. Matayala akutsogolo sadavute, tidangomasula mabawuti n'kusolola chitsulo chake mbali zonse. Akumbuyo ndiwo adatidziwitsa kuti tidakwatira pamudzi pa eni. Manati adali atagwirana ndi dzimbiri moti tidalowetsa paipi ku sipanala, mkamwini mnzathu Patisoni n'kulendewera kumapeto kwake miyendo ili m'malere. Matayalawo adali odzaza madzi kuti thirakitala izilemera, ndipo tayala lotere likangopendekeka silifunsa kuti ndiwe mwana wa yani. Limodzi lidamupanikiza Patisoni kukhoma, ndipo a Mhone adayamba afunsa ngati tayala silidang'ambike asadafunse za nthiti zake. Tidachirikiza thirakitala ndi zigodo za mango, tidagubuduza matayala m'kachipinda kothinako kuti asinthane mbali, thukuta lili kamukamu, iwo akuyeza ndi nsungwi yawo kenako n'kutiuza kuti timasulenso chifukwa kwatsala zala ziwiri.

Dzuwa litakwera, Anabanda adagogoda ndi ndowa ya thobwa. Adaima pakhomo, nayang'ana tayala lomwe tidali titamanga kale, nayang'ananso mafelemu a chitseko. Adatsegula pakamwa, koma a Mhone adawatsogolera kunena kuti za thirakitala n'za amuna, iwo angosiya thobwalo. Anabanda adatseka pakamwa paja, nasiya ndowa, napita. Patangopita kanthawi tidamva miphika ikugundana kuseri kwa khoma, ndipo tidaganiza kuti akwiya.

Titamaliza, dzuwa litapendeka, thirakitala idaoneka ngati nkhanu. Nsungwi idakwana ndendende kuchokera pakati pa tayala lina kufika pakati pa linzake. A Mhone adasamba m'manja, navala jekete lawo la kutchalitchi, nalamula kuti titsegule chitseko.

Panja padali anthu ngati pali ukwati. A Yotamu adali atakhala pa mpando wandalema, ndipo pambali pawo padali Che Amidu, amene adapereka salamu mwaulemu, maso ali pa thirakitala monga amayang'anira mbuzi munthu wa butchala. A Mhone adakwera, nagwira chiwongolero, natikodola kuti tikankhe. Tidakankha ndi mtima wonse. Matayala akutsogolo adatuluka mokhula mafelemu, mphuno idatuluka, a Mhone adayamba kukweza chipewa kwa anthu, kenako kudamveka gu! Matayala akumbuyo adagunda khoma mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, chipewa chidagwera kutsogolo, ndipo ife tidamenyetsa zipumi kubokosi.

Mudzi wonse udagwa ndi phwete. Amuna anayi tidayeza munda, tidayeza matayala, koma padalibe ndi mmodzi yemwe amene adayeza khomo.

Kubweza matayala, kuitulutsa, n'kuyambiranso pamchenga sikukadatheka dzuwa lisadalowe, ndipo pangano lidali la Lachisanu. Chinangwa chokumba dzulo lake chidali chitayamba kale kuda pamulu. Kumanja kwa khomo khoma lidatsamira tsinde la mango aakulu, ndipo kumanzere lidali khoma la khitchini ya Anabanda. A Mhone adatsika, nazungulira, nayang'ana uku ndi uku, khosi lili gwa.

“Matayala ali bwino,” adatero. “Cholakwika ndi khomo.”

“Alamu,” adatero a Yotamu osadzuka pampando, “akuluakulu adati mkamwini asamakule mwendo. Inu mwakulitsa yonse iwiri. Khoma mukuliyang'analo ndi la mlongo wanga. Mukagwetsapo njerwa imodzi, mulongedze.”

A Mhone adangoika dzanja pa tayala n'kuyang'ana pansi. Powaona chonchi, kuseka kudandithera. Che Amidu adayamba kumasula chingwe cha sikelo pa njinga yawo.

Apo Anabanda adatuluka m'khitchini atanyamula munsi. Ena adayesa akufuna kuswa nyali za thirakitala, ena adayesa akufuna mwini wake, ndipo Patisoni, amene nthiti zidali zikumupweteka kale, adabisala kumbuyo kwanga. Anabanda adadutsa amuna awo osawayang'ana, naima pakhomo la shedi, nakonza chitenje, nakweza munsi uja ngati akusinja mpunga, n'kumenya khoma la khitchini yawo. Njerwa zake zidali zomangira matope, ndipo pomenya kachitatu zidayamba kugwera mkati.

A Yotamu adadzuka, mpando n'kugwa chagada, nafunsa mlongo wawo ngati mutu ukuyenda bwino.

“Khitchini ndi yanga, achimwene,” adatero Anabanda. “Utsi wandikwana, ndikufuna mphepo.” Kenako adatembenukira kwa amuna awo. “Inu kwerani. Chinangwa changa chikuda.”

Akamwinife tidathamangira makasu ndi nkhwangwa n'kumalizitsa. Fumbi litatsika tidaona m'khitchini kudzera pa chibowocho, ndipo mbali yonse ya khomalo idali yoyera. Miphika, mitsuko, thandala la mbale, lichero, zonse zidali zitaunjikidwa kukhoma linalo. Kugundana kwa miphika tidakumva m'mawa kuja sikudali kukwiya. Anabanda adaliyeza khomo ndi maso atanyamula ndowa ya thobwa, ndipo poti adauzidwa kuti za thirakitala n'za amuna, adangopita kukasamutsa katundu wawo n'kudikira. A Mhone adaona zimenezi monga tidaonera tonse. Adapukuta m'maso ndi kansanza ka mafuta mpaka nkhope idada bii, n'kunena kuti ndi utsi, chonsecho injini idali isadalire.

Tidakankhanso. Thirakitala idatuluka, idatsetsereka, idakhosomola, n'kulira, ndipo mudzi wonse udailondola kumunda. Idalowa m'mizere pang'onopang'ono, matayala ali m'ngalande, timasamba ta chinangwa tikudutsa pansi pa mimba yake osakhudzidwa. A Yotamu ankayenda pambuyo ataweramira pansi ngati munthu wotaya singano. Ulendo woyamba udatha bwino, wachiwiri chimodzimodzi. Paulendo womaliza, bokosi litadzaza, a Mhone adalephera kudzigwira. Atafika kumapeto kwa munda adachotsa dzanja pa chiwongolero kuti abayibitse alamu awo, ndipo tayala lakumanzere lidaluma nsonga ya mzere womaliza n'kugwetsa kamtengo kamodzi ka chinangwa.

Ine ndidaona chifukwa ndidali mbali imeneyo. Anabanda nawonso adali pomwepo. Adangosuntha phazi n'kuima pamwamba pake, chitenje chitaphimba, chidendene chikubwezera dothi. A Yotamu atafika adafunsa kuti aimiranji, ndipo iwo adati alasidwa ndi minga. Adaima pomwepo mpaka mlongo wawo adadutsa n'kuvomera, mawu akutuluka ngati akumeza mankhwala, kuti palibe mzere wapondedwa. Che Amidu sadafune kubwerera chimanjamanja, ndiye adagula makasu akutha ndi felemu ya njinga yakale ya a Yotamu. Madzulo ake Anabanda adauza mbumba kuti mkazi mnzawo adzachoka pamudzipo tsiku limene mwini wake adzachoke, ndipo nkhani ya sikelo isadzamvekenso.

A Mhone sadawabwezenso matayala aja. Thirakitala inkayenda chotangadza mumsewu wa ku Benga, a njinga akuthawira m'tchire, ndipo pa kamlatho ka kuchigayo sinkakwana, moti matumba tinkawolotsa pamutu. Nkhani ya tsikulo ankaikamba kwa mlendo aliyense, koma chaka ndi chaka inkasintha. Pomaliza pake inkamveka kuti iwo adakonza dala zokulitsa khomo kuyambira kale, kungoti ankadikira kuti mayi avomereze pamaso pa anthu. Anabanda akamva ankangoti n'zoona, n'kupitiriza kusenda chinangwa.

Zaka zomalizira miyendo ya a Mhone idayamba kutupa ndipo thirakitala nayo idasiya kulira. Komabe m'mawa ankapita kukaigogoda matayala, ndipo tinkawakweza pampando kuti akhalepo pang'ono. Anabanda ankawapatsira tiyi kudzera pa chibowo chija osadzuka pamoto. A Mhone adamwalira nthawi yozizira chaka chathachi, ndipo monga mwa mwambo tidakawaika kwawo ku Kanyenda.

Titasesa, adzukulu awo a kwa mlongo wawo adabwera ndi lole kudzatenga katundu wa malume awo. Katunduyo adali jekete, masipanala ndi thirakitala. Anabanda sadakanize, poti adanena okha. Koma thirakitala idakana kukwera, matayala adali otangadza kuposa lole, ndipo anyamatawo adayamba kumasula kuti awabweze mkati. Mmodzi adatembenuza tayala n'kuyamba kulilowetsa mbali yomweyo. Anabanda adali pamphasa, mpango wakuda kumutu.

“Asinthanitseni,” adatero. “Lakumanja lipite kumanzere. Musapite naye mano akuyang'ana kumbuyo.”

A Yotamu, amene adalira pamalirowo kuposa tonse ndipo tsopano alibe wokangana naye, adadzipereka kuti aumba njerwa atseke khoma la khitchini. Anabanda adati utsi ukadawavutabe. Nthawi younga mizere itakwana adatenga nsungwi ija n'kutipatsa akamwinife kuti tiziyezera. Ndidawafunsa mwaulemu kuti tiyezeranji poti chodutsamo palibe, ndipo adati munda udazolowera.

Shedi ilipobe, ndipo mpunga sudalowemo. Chitseko chidachotsedwa tsiku lomwe lija chifukwa sichinkakwananso, ndiye khomo limangokhala pululu, mbali ya kumanzere njerwa zili zothyokathyoka monga udazisiyira munsi. Pansi pali malo anayi pamene njerwa zidatitimira, awiri akumbuyowo otalikirana kwambiri, ndipo pakati pali banga lakuda la mafuta limene nkhuku sizipalasapo. Nsungwi imatsamira pakona. Mafuwa a Anabanda kale adali kukhoma linalo, koma adawasunthira pafupi ndi chibowo, ndipo m'mawa akamawiritsa tiyi amakhala choyang'ana m'shedimo.